Kodi Mwana wa Pafamu Angasankhe Motani Maphunziro Ake?

“M’mera mpoyamba.”—MWAMBI WA ACHEŴA.

1, 2. (a) Kodi mabanja ambiri a ku Centenary amakhala ndi funso lotani kuchiyambi kwa chaka? (b) Kodi nchifukwa ninji funsolo lili lachilendo kwa ambiri a iwo?

KUCHIYAMBI kwa chaka chilichonse, pamene fodya akuthyoledwa ndi kuwotchedwa m’mabalani a ku Centenary, kumpoto kwa Harare, zotulukapo za mayeso a Fomu 4 ndi Fomu 6 zimalengezedwa. Mwana akakhoza, banja lonse limakondwera. Komabe, chikondwererocho chisanathe pamabuka funso lovuta lakuti: Kodi tsopano mwanayu aphunzire chiyani? Ndalama zimene makolo adzalipira nza thukuta la nyengo zingapo za fodya, ndipo zaka zimene mwanayo adzathera pamaphunziro sizidzabweranso.

2 Kwa mabanja olankhula Chicheŵa a m’derali, funsoli nlachilendo ndithu. Agogo awo anachoka ku Nyasaland, ku Tete, ndi kummaŵa kwa Northern Rhodesia kudzafuna ntchito. Ena anayenda pansi kwa milungu ingapo naoloka Zambezi. Ena anabwera ndi bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946, lotchedwa ndi anthu kuti Mthandizi. Mwana wobadwira m’komboni sanali kufunsidwa ntchito imene anafuna. Anayamba ndi kupalira ndi kusankha fodya, ndipo amene anali ndi mwaŵi anadzakhala kapitawo, kalaliki, kapena woyendetsa thirakitala. Lerolino zidzukulu za anthu amenewo zingathe kusankha. Kodi zingasankhe motani mwanzeru?

Zimene Chaka cha 2000 Chinaphunzitsa

3, 4. (a) Kodi nchiyani chinachitikira antchito a m’mafamu kuyambira mu 2000? (b) Kodi ndani amene anapeza poyambira msanga, ndipo nchifukwa ninji?

3 Yankho likuyambira m’mbiri ya mabanja omwewo. Chaka cha 2000 chisanafike, mafamu aakulu a m’Zimbabwe anali ndi antchito oposa 300,000. Kwa ameneŵa, ntchito, nyumba, chigayo, sitolo, ndipo kaŵirikaŵiri sukulu yomwe, zonse zinali m’manja mwa munthu mmodzi, mwini famu. Pamene boma linayamba kugaŵa mafamuwo mofulumira mu 2000, ambiri anataya zonsezo panthaŵi imodzi. Ochokera m’maiko oyandikana nawo ndiwo anavutika koposa, pakuti analibe mudzi m’dzikolo kumene akanabwererako.

4 Komabe, si onse amene anasoŵa pogwira. Makaniko wa mathirakitala, mmisiri womanga mabalani, wokonza mapampu a madzi, ndi katswiri wowotcha fodya anafunidwa ndi alimi atsopanowo, popeza kuti luso lawo linali m’mutu ndi m’manja mwawo, ndipo anachoka nalo pafamupo. Mfundo yake njoonekeratu. Malo a ntchito ngawina, ndipo angathe tsiku lililonse, koma luso nla mwiniwake. Chotero posankha maphunziro, wachichepere angachite bwino kudzifunsa kuti: ‘Kodi zimene ndidzaphunzira ndidzatha kuzinyamula ngati bwana mmodzi, mbewu imodzi, kapena dziko limodzi litandikana?’

Kusankha Kumayamba Koleji Isanafike

5, 6. (a) Kodi ndi liti pamene njira ya kukoleji imayamba kusankhidwa? (b) Kodi ndi vuto lotani limene ana a m’masukulu a m’mafamu amakumana nalo?

5 Ambiri amaganiza kuti munthu amasankha kosi yake tsiku limene akudzaza mafomu a ku yunivesite. Kunena zoona, podzafika tsikulo zitseko zambiri zimakhala zitatsekeka kale. M’Zimbabwe, pafupifupi koleji iliyonse imafuna kuti wophunzira akhale atakhoza maphunziro asanu a O-Level ndi giredi C kapena kuposerapo, kuphatikizapo Chingelezi, ndipo makosi ochuluka amafunanso Masamu ndi sayansi. Maphunziro ameneŵa amayamba kutsatiridwa mwamphamvu m’Fomu 3. Mwana wazaka 15 amene agwa ulesi ndi Masamu chifukwa chakuti ngovuta samadziŵa kuti tsiku lomwelo akudzitsekera njira ya uinjiniya, ya kuŵerengera ndalama, ndi ya ntchito zambiri zaumisiri.

6 Ana a m’mafamu ali ndi vuto linanso. Pambuyo pa 2000, masukulu ambiri atsopano anatsegulidwa m’nyumba zakale za eni mafamu, m’mashedi, ngakhale m’mabalani a fodya. Sukulu yopanda labotale kaŵirikaŵiri imangophunzitsa Combined Science, pamene sukulu za Fomu 5 zambiri zimakonda kutenga ana amene anaphunzira Physics, Chemistry, ndi Biology payokhapayokha. Motero makolo amene aona kuti mwana wawo ngwanzeru pa sayansi afunikira kufufuza nkhaniyi iye adakali m’Fomu 2. Mwinamwake kumsamutsira kwa wachibale wokhala pafupi ndi sukulu yokhala ndi labotale kungakhale kotheka. Ngati sikutheka, kukhoza bwino Masamu ndi Combined Science kumatsegulabe njira ya unamwino, uphunzitsi, ulimi, ndi umisiri.

7. Kodi nchifukwa ninji nkhani ya zikalata iyenera kusamaliridwa msanga?

7 Palinso nkhani ya zikalata. Lamulo la unzika limene linasinthidwa mu 2001 linachititsa ambiri amene makolo awo anachokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia kuonedwa monga alendo m’dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anawongolera zimenezi: munthu wobadwira m’Zimbabwe malamulowo asanafalitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m’bungwe la SADC, ndipo iye mwini anali kukhala m’dzikomo panthaŵiyo, ali nzika mwa kubadwa. Koma lamulo silimabweretsa chikalata pakhomo. Koleji imafuna satifiketi ya kubadwa ndi chitupa, ndipo dzina liyenera kulembedwa mofanana pa zikalata zonse. Kholo lanzeru limakonza zimenezi mwana asanalembetse mayeso, osati mlungu womalizira wa kulandira mafomu.

Kuyambira ku Ntchito Kubwerera ku Kalasi

8, 9. (a) Kodi maphunziro a A-Level amagaŵidwa motani, ndipo mapointi amaŵerengedwa motani? (b) Kodi njira yabwino yosankhira ndi iti?

8 Wophunzira wopitiriza ku Fomu 5 kaŵirikaŵiri amatenga maphunziro atatu a gulu limodzi: la sayansi, la zamalonda, kapena la maphunziro onga History, mabuku, ndi zinenero. Pamayeso a ZIMSEC a Fomu 6, giredi A imapatsa mapointi 5, B 4, C 3, D 2, ndipo E 1, kotero kuti maphunziro atatu sangapose mapointi 15. Koma mapointi okha sali okwanira. Wofuna udokotala afunikira Chemistry limodzi ndi maphunziro ena a sayansi, ndipo wofuna uinjiniya afunikira Masamu ndi Physics. Munthu wa mapointi 14 a History, Geography, ndi Chishona ngwanzeru ndithu, komabe sangaloŵe m’kalasi ya udokotala.

9 Chotero njira yabwino ndiyo kuyamba ndi ntchito yeniyeniyo ndiyeno kubwerera m’mbuyo. Choyamba, kodi ndi ntchito yotani imene wachichepereyo akuilingalira? Chachiŵiri, kodi olemba ntchitoyo amafuna pepala lotani: digiri, dipuloma, kapena satifiketi ya umisiri? Chachitatu, kodi pepalalo limapezedwa kuti, kwa zaka zingati, ndipo pamtengo wotani? Chomalizira, kodi kolejiyo imafuna maphunziro ati polandira ophunzira? Wotsatira masitepe anayi ameneŵa sangathe zaka ziŵiri m’Fomu 5 ndi 6 akumaphunzira zinthu zosagwirizana ndi kumene akupita. Ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Amatenga gulu limene mnzawo watenga, kapena limene lili ndi malo, nadzayamba kufunsa za ntchito digiri ili kale m’manja.

10. Kodi wachichepere angafunse ayani, ndipo mafunso otani?

10 “Safunsa anadya phula,” amatero akuluakulu. Anthu odziŵa ntchito zimenezi sali kutali. Mlangizi wa zaulimi amayendera minda, anamwino ali pachipatala cha St Albert’s ndi m’makiliniki, ndipo akalaliki a makampani a fodya amafika m’nyengo iliyonse. Wachichepere angapite kwa mmodzi wa iwo mwaulemu nati: “Pepani bambo, ndimati ndifunseko. Kodi ntchito yanuyi munaiphunzira kuti? Kodi anzanu amene munamaliza nawo ali pantchito? Kodi chovuta chake nchiyani?” Funso lachiŵirilo nlofunika koposa, pakuti limasonyeza ngati kosiyo imafikitsadi munthu pantchito. Chikalata cholengeza makosi sichimatchula omaliza maphunziro amene akhala panyumba zaka zitatu.

Kodi Digiri Ndiyo Njira Yokha?

11, 12. (a) Kodi ndi mayunivesite ati amene mwana wa ku Centenary angalingalire? (b) Kodi ndi njira zina ziti zimene zilipo?

11 Kwa nthaŵi yaitali dziko lonselo linali ndi yunivesite imodzi yokha, imene inayamba m’ma 1950 monga University College of Rhodesia and Nyasaland ndipo tsopano ndi University of Zimbabwe. Lerolino alipo ambiri. National University of Science and Technology inatsegulidwa ku Bulawayo mu 1991. Ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, koleji yophunzitsa aphunzitsi a sayansi inayamba mu 1996 ndipo inakhala Bindura University of Science Education mu 2000. Imaphunzitsanso ulimi, zachilengedwe, ndi zamalonda. Zimbabwe Open University, ya mu 1999, imalola munthu kuphunzira ali pantchito. Madigiri ambiri amatenga zaka zinayi, ndipo chaka chachitatu kaŵirikaŵiri chimathera pakampani kapena muofesi, kumene wophunzira amazoloŵera ntchito.

12 Komabe, digiri sindiyo njira yokha. Makoleji a zaulimi a Gwebi ndi Chibero akhala akuphunzitsa alangizi ndi oyang’anira mafamu kwa zaka makumi ambiri. Madziwa Teachers’ College ili m’chigawo chomwecho cha Mashonaland Central. Harare Polytechnic ndi makoleji ena onga iyo amapereka masatifiketi ndi madipuloma a zamagetsi, zamakina, zomangamanga, ndi za makompyuta. Zimbabwe School of Mines ku Bulawayo imaphunzitsa ntchito za m’migodi. Unamwino umaphunziridwa m’zipatala kwa zaka zitatu. Wophunzira umisiri pakampani amatha zaka zinayi akumalandira kandalama, ndipo akakhoza mayeso a umisiri amakhala ndi pepala lodziŵika m’makampani. Njira zambiri mwa zimenezi zimalandira munthu wa O-Level yabwino.

13. Kodi nchifukwa ninji banja liyenera kuŵerengera mtengo wonse pasadakhale?

13 Banja liyenera kuŵerengera mtengo wonse lisanayambe. Pambali pa fizi pali lendi, chakudya, ulendo, mabuku, ndi foni kapena kompyuta. Chaka chozoloŵera ntchitocho chimadya ndalama nachonso, popeza kuti wophunzira angafunikire kukhala m’tauni ina, ndipo si makampani onse amene amalipira. Thandizo la boma lotchedwa BEAM, limene linayamba mu 2001, nla ana osauka a kupulaimale ndi kusekondale, osati a kukoleji. Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, pamene fizi imafunidwa kaŵiri. Dipuloma imene munthu wamaliza imaposa digiri imene wailekezera m’chaka chachiŵiri, chifukwa theka la digiri silimalembetsa ntchito. Ndiponso, wa dipuloma angadzawonjezere digiri pambuyo pake ndi ndalama zakezake.

Ntchito Zonyezimira Zimene Zimazirala

14, 15. (a) Kodi chitsanzo cha Britain chikusonyezanji? (b) Kodi migodi ndi gasi zikuphunzitsanji?

14 Nthaŵi ndi nthaŵi pamabuka ntchito imene aliyense amaithamangira. Mu February 2022, Britain anayamba kupereka maviza kwa anthu okasamalira okalamba ndi odwala. Anthu zikwi zambiri a m’Zimbabwe anachita makosi aafupi a ntchitoyo, ndipo mabanja ena anagulitsa ng’ombe kuti alipirire ulendo. Mu March 2024 Britain analetsa antchito atsopano oterowo kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 analeka kulandira atsopano ochokera kunja. Amene anaphunzira kosiyo kaamba ka viza yokha anatsala ndi pepala la chitseko chotsekeka. Namwino wophunzira mokwanira kwa zaka zitatu, mosiyana ndi zimenezo, amafunidwa kulikonse kumene kuli odwala.

15 Pali zitsanzo zina pafupi ndi kwawo. Mgodi wa nickel wa Trojan ku Bindura unaima mu 2008, unatsegulidwanso mu 2012, ndipo unaimanso mu 2023. Mu December 2023, kampani ya ku Australia ya Invictus Energy inalengeza kuti yapeza gasi pachitsime cha Mukuyu-2 m’chigwa cha Zambezi, kutsidya kwa mapiri a Mavuradonha. Nkwachibadwa kuti achichepere a m’dera la Muzarabani ayembekezere ntchito kumeneko. Koma pakati pa kupeza gasi ndi kuyamba kumgulitsa pangapite zaka zambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; wapachala ngwamphepo. Wophunzira zamagetsi, kuwotcherera zitsulo, kapena kukonza mainjini a dizilo adzakhala wokonzekera ngati ntchito ya gasi iyamba, ndipo ngati ichedwa, luso lomwelo lidzamdyetsa pamgodi, pafamu, kapena pagalaja yakeyake.

Bwanji za Ulimi?

16, 17. (a) Kodi nchifukwa ninji ana ambiri a m’mafamu amaipidwa ndi ulimi? (b) Kodi ulimi wa fodya wasintha motani, ndipo ukufuna anthu otani?

16 Ana ambiri okulira m’komboni samafuna ngakhale kumva za kosi ya ulimi, ndipo chifukwa chake nchomveka. Anaona amayi awo akuŵerama m’nazale kuyambira mbandakucha, ndi atate awo akugona pabalani kusonkhezera moto, zonsezo kaamba ka malipiro ochepa. Kwa iwo, sukulu ndiyo njira yothaŵira khasu. Palibe amene ayenera kuumirizidwa kubwerera kumunda. Ngakhale kuli tero, nkwanzeru kusiyanitsa ntchito yaganyu ya m’munda wa wina ndi ntchito ya katswiri wa zaulimi.

17 Ulimi wa fodya wasintha kwambiri. Mu 2000 dzikolo linagulitsa makilogalamu oposa 230 miliyoni. Mu 2008 anatsika kufika pansi pa 50 miliyoni. Koma mu 2023 anaposa 290 miliyoni. Fodya wochuluka tsopano amalimidwa ndi alimi ang’onoang’ono amene amapangana ndi makampani oŵakongoza feteleza ndi mankhwala. Makampani amenewo amalemba alangizi, osankha fodya, ndi oŵerengera ngongole. Kuwotcha fodya kwatha mitengo m’madera ambiri, motero odziŵa za nkhalango ndi za mabalani osadya nkhuni zambiri ngofunika. Mwana amene anadziŵa kusiyanitsa masamba a fodya ali ndi zaka khumi amaloŵa m’kalasi ya ulimi ali kale patsogolo. Komabe, popeza kuti maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, iye angachite bwino kuphunzira ulimi wonse, kuphatikizapo nthaka, kuthirira, ndi ziŵeto, m’malo mwa fodya yekha.

18. Kodi chinenero cha panyumba chingathandize motani pantchito?

18 Chuma china chimene ana ameneŵa amachinyalanyaza ndicho chinenero. Ena amachita manyazi kulankhula Chicheŵa kusukulu poopa kusekedwa. Komatu malamulo a mu 2013 amatchula Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezedwa ndi boma. Wodziŵa Chicheŵa, Chishona, ndi Chingelezi angamvane ndi wodwala wokalamba wa pafamu, angamasulire m’khoti, ndipo angachite malonda pamsewu wochokera ku Harare kudzera ku Nyamapanda ndi Tete kukafika ku Blantyre. Chinenero pachokha sichingampezere ntchito, koma chikawonjezedwa pa unamwino, uphunzitsi, zamalamulo, kapena zamtengatenga, chimamsiyanitsa ndi anzake a pepala lofananalo.

Mbali ya Makolo ndi ya Mwana

19, 20. (a) Kodi makolo angathandize motani ngakhale ngati sanapite patali ndi sukulu? (b) Kodi wachichepere ayenera kudzipenda motani?

19 Makolo ena amadziona kukhala osayenerera kulankhulapo chifukwa chakuti iwo eni analekezera sukulu panjira. Ena amalamula mwana kukhala dokotala kapena loya chifukwa cha ulemu wa dzinalo. Njira zonse ziŵirizo zimavulaza. Kholo limadziŵa zimene mphunzitsi sangadziŵe: kaya mwanayo amakonda kumasula wailesi kuti aone za m’kati, kaya amaleza mtima ndi odwala, kaya ndiye amaŵerengera mabelo molondola. Limadziŵanso ndalama zimene banjalo lingakwanitse. Kukhala pansi ndi mwana, limodzi ndi amalume kapena achibale ena amene adzathandiza kulipira, kumachititsa kuti aliyense adziŵe mbali yake. Mwana wamkazi ayenera kupatsidwa mpata wofanana ndi wamwamuna, pakuti luso lake lidzamchirikiza kaya akwatiwe kapena ayi.

20 Wachichepere nayenso afunikira kudzipenda moona mtima. Kukonda dzina la ntchito nkosiyana ndi kukonda ntchitoyo. Woopa magazi sadzasangalala m’chipatala, ndipo wotopa msanga ndi manambala adzazunzika muofesi ya zandalama. Malipoti a sukulu a zaka zitatu zapita amanena zoona kuposa maloto. Popeza kuti anthu ambiri m’Zimbabwe amadzipezera zofunika za moyo popanda kulembedwa ntchito m’boma kapena m’kampani, iye ayeneranso kudzifunsa ngati luso limene akusankhalo angaligulitse yekha kwa anthu omzinga, ngati atachedwa kuitanidwa kuntchito.

21. Kodi ndi maphunziro otani amene angatchedwe osankhidwa mwanzeru?

21 Palibe kosi imene ingatsimikizire munthu ntchito. Mitengo ya mbewu imakwera ndi kutsika, migodi imatsegulidwa ndi kutsekedwa, ndipo maboma amasintha malamulo awo. Koma wachichepere amene anasamala Masamu ndi Chingelezi m’Fomu 3, amene zikalata zake zili m’malo, amene anafunsa ogwira ntchitoyo asanasankhe, ndi amene kosi yake banja lingathe kuilipira kufikira mapeto, wachita zonse zimene munthu angathe kuchita. Agogo ake anagwira ntchito imene anaipeza, pamalo amene anaikidwa. Iye adzakhala ndi luso limene angapite nalo ku Bindura, ku Harare, ku Lilongwe, kapena kubwerera nalo ku Centenary kukathandiza alimi a kwawo.

Mafunso Obwereramo

□ Kodi zochitika za m’mafamu kuyambira mu 2000 zikuphunzitsanji ponena za luso?

□ Kodi nchifukwa ninji Fomu 3 ili yofunika kwambiri posankha ntchito ya m’tsogolo?

□ Kodi ndi masitepe anayi ati amene angathandize posankha kosi?

□ Kodi pali ngozi yotani pothamangira ntchito yotchuka panthaŵiyo?

□ Kodi makolo ndi mwana ali ndi mbali zotani pankhaniyi?